Mbiri ya ku Thambani ili m'kamwa mwa agogo

Ophunzira a sekondale akandifunsa poyambira pofufuza mbiri ya kwawo ku Thambani, ndimati: khalani pamkeka ndi agogo madzulo, ng'ombe zikalowa m'khola. Afunseni mfunda wawo, kumene makolo anachokera, ndi mmene ng'ombe yoyamba inabwerera pakhomopo. Lembani m'kope dzina la wofotokoza ndi tsiku.

Palinso nkhani yolemera. Mu Meyi 1983, nduna Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa kuderali, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa. Agogo akatsitsa mawu poikamba, musawakakamize. Ine ndimawamvetsa: anakhala zaka zambiri atatseka pakamwa chifukwa cha mantha.