Mwana akafuna kukhala dokotala wa nyama zakutchire

Mwezi watha ndili ku chinkhoswe, mayi wina anandikokera pambali nkhope ili yakugwa. “Anamwino, mundilankhulireko mtsikana wanga. Wakhoza bwino Fomu 4, ine ndimati akhale dokotala wa anthu, koma iye akuti akufuna azikabaya njovu jakisoni. Fizi yonse tavutikira ija ikathere kutchire?”

Ndinaseka, koma nditamvetsetsa ndinaona kuti nkhaniyi yayambanitsa banja, poti bambo ali mbali ya mwana. Ndiye ndati lero tikambirane, inu makolo ndi inu amene ana anu akadali m'manja.

Dziwani kuti palibe sukulu imene mwana amayambira pa mkango. Amayamba waphunzira zavetenale monga anzake onse: ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku ndi agalu, kwa zaka zosachepera zisanu. Kale ofuna digiri imeneyi ankapita kunja, ena ku University of Zambia ku Lusaka, ena ku Sokoine ku Tanzania. Lero akuphunzira konkuno ku Luanar. Chofunika n'chakuti mwana akhoze bwino masamu, bayoloje, kemisitile ndi fizikisi. Kukonda nyama pakokha sikulowetsa munthu m'kalasi.

Akatenga digiri m'pamene amayamba zakutchire. Ena amakawonjezera maphunziro ku Onderstepoort, sukulu ya University of Pretoria, ena amaphunzirira pantchito pansi pa madokotala odziwa, monga ku Lilongwe Wildlife Centre kumene amasamalira anyani, apusi ndi nyama zina zolanditsidwa kwa anthu. Wofuna ntchito ya ku zoo adziwiretu kuti zoo zikuluzikulu zili kunja, monga ku Pretoria ndi Johannesburg.

Tsono ine monga namwino, chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Wodwala wanga ankandiuza pamene pakupweteka, ndinkamukweza pasikelo, kenaka n'kuyeza mankhwala. Njovu siyankhula ndipo sikwera sikelo. Dokotala amaiyang'ana ali mu helikopita, n'kuyerekeza kulemera kwake ndi maso, n'kuilasa ndi jakisoni wochokera mumfuti. Mankhwala ogonetsa amene amagwiritsa ntchito, etorphine, ndi pachibale ndi mofini amene tinkasunga m'kabati yokiya kuwodi, koma mphamvu yake imaposa mofini maulendo opitirira 1,000. Kadontho kolowa pabala kangathe kupha munthu. N'chifukwa chake wophunzira amaphunzitsidwa kuti asatsegule botolo popanda mnzake pafupi amene wagwira mankhwala obwezera.

Njovuyo ikagwa, ntchito ndiye yayamba. Ikagwera pachifuwa imabanika, choncho amaigudubuza kuti igonere m'mbali. Kunsonga kwa chitamba amaikako kamtengo kuti mpweya uzidutsa, diso amaliphimba ndi khutu lake lomwe, wina n'kumawerenga kapumidwe. Ine pamenepa ndimangoona fiyeta, kungoti denga lake ndi mtambo. Mbawala nayo ili ndi vuto lake: mukaithamangitsa nthawi yaitali, minofu imawonongeka ndi mantha komanso kutentha, ndipo ingathe kufa patapita masiku, chonsecho simunaivulaze paliponse.

Mwina mukuti, kodi ntchitoyo ilipo? Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Mu 2019 zipembere 17 zinabwera ku Liwonde kuchokera ku South Africa, ndipo mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Zonsezi sizikanatheka popanda madokotala a nyama. Onjezanipo nyama zokodwa m'misampha ya waya ndi ngaka zolandidwa kwa ozembetsa.

Komabe sindikunamizani, mipata yake ndi yochepa, sizili ngati unamwino umene chipatala chilichonse chimaufuna. Chotonthoza n'chakuti digiri ya mwanayo ndi yavetenale yonse. Kutchire kukapanda malo, ng'ombe ndi nkhuku zilipo, ndipo alimi akusowa madokotala.

Kwa mayi uja ndinanenanso kuti asaganize kuti mwana wathawa kuthandiza anthu. Matenda ambiri amene amativuta amachokera ku nyama. Mu 2018 anthrax inapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku Liwonde, ndipo anthu anachenjezedwa kuti asadye nyama yofa yokha. Amene amatsimikiza nthenda yotere, anthu asanayambe kudzaza m'mawodi, ndi a vetenale. Ine ndinasamalirapo kamnyamata kolumidwa ndi galu wachiwewe kamene anabwera nako mochedwa, katayamba kale kuopa madzi. Palibe chimene tinachita koposa kukhazika mtima pansi mayi ake. Galuyo akanabayidwa katemera, bwenzi mwanayo lero ali bambo wa ana.

Inu achinyamata amene muli pachibwenzi ndi wophunzira ntchitoyi, kambiranani ukwati usanachitike. Kusamutsa nyama kumachitika nyengo yozizira, ndipo mnzanuyo angathe kukhala kutchire masabata angapo, foni osagwira bwino. Ngati ndinu wansanje, nenani lero. Ife anamwino tikudziwa mmene mashifiti a usiku anagwedezera mabanja ena.

Mtsikana uja ndinakumana naye. Ndinamufunsa ngati anagwirapo mbuzi yovutika pobereka, kapena kuima pafupi ndi ng'ombe yofa itayamba kununkha. Anayankha kuti ayi. Ndiye tagwirizana ndi makolo ake kuti miyezi ino akudikira zosankhidwa, azikathandiza alangizi a ziweto a kwawo pa katemera wa agalu ndi wa chitopa. Mayi ake avomera, koma akuti nsapato za jombo agule bambo.