Bokosi la wufa: lotseka kapena la bowo?

Nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira, akalipentala ena a ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe amalandira ntchito ina kuwonjezera pa mipando ndi makabati. Anyamata amabwera atanyamula wufa m'katoni, akufuna bokosi loti likalowe m'buti ya galimoto. Ambiri amangotchula kukula kwa buti ndi mtundu wa kapeti yokutira. Kapepala ka m'katonimo amakasiya kunyumba, chonsecho ndi komwe kamanena kuchuluka kwa mpweya umene sipikayo imafuna kumbuyo kwake.

Mmisiri wina amene tinamupeza kumeneko, bambo wa imvi za apo ndi apo, pensulo ili kukhutu, sadula thabwa asanakaone kapepalako. Tsikulo anali ndi wufa ya mainchi 12. Pa kachidutswa ka thabwa analemba miyeso ya m'kati mwa bokosi, masentimita 45, 35 ndi 23. Anachulukitsa, nagawa ndi 1,000, n'kupeza malita 36, kenaka anachotsapo 3 a malo amene sipikayo ndi maginito ake adzatenge.

Amagwiritsa ntchito MDF ya mamilimita 18, ndipo kumaso kokhala sipika amaphatikiza matabwa awiri. Polumikiza paliponse amapaka guluu mpaka atulukire m'mbali. Asanamange sikuluu amayamba waboola kabowo, chifukwa MDF sichedwa kung'aluka m'mphepete. M'kati anapingasa kathabwa kogwira makoma awiri aakulu, namata m'makona monse ndi silikoni, n'kulisiya bokosilo ligone kuti fungo lithe asanaikemo sipika. Atagogoda khoma ndi chala, linangoti du! osalira. Bokosi lina la chipubodi limene munthu anabweretsa kuti alikonze linalira ngati ng'oma. Mmisiriyo akuti khoma likamanjenjemera limaba mphamvu ya sipika n'kuwonjezera phokoso limene mulibe m'nyimbo.

Pa zonsezi palibe wotsutsa. Mkangano wagona pa bowo.

Bambowa amakonda bokosi lotseka. Mpweya wotsekeredwa umaigwira sipika kuti isapitirire muyeso, ndiye gitala ya bezi imamveka chingwe chilichonse pachokha. Koma mnyamata wina womanga mawailesi m'galimoto chapafupi pomwepo akuti zimenezo n'zachikale. Makasitomala ake ndi a amapiano, ofuna kuti kugunda kumveke pachifuwa, ndipo bokosi la bowo limawonjezera madesibelo pafupifupi 3 pa mawu amene bowolo lachuniridwa, popanda kugula ampulifaya ina. Sakunama.

Vuto ndi lakuti bowo si longoboola. Kukula kwake, kutalika kwa paipi yoikidwa pabowopo ndi malita a bokosi ndi zimene zimasankha mawu amene akwezedwe. Ofuna nyimbo zomveka bwino amachuna cha pa 32 mpaka 35 Hz. Paipi ikafupika, bokosi limakwera kufika cha m'ma 50 Hz, ndipo nyimbo iliyonse, kaya ya kwaya kaya ya reggae, imangoti buu! buu! mawu amodzimodzi. Paipiyo ikachepa pakamwa, mpweya umaimba mluzu. Komanso mawu otsika kuposa pamene bowo lachuniridwa amaisiya sipika ikukupiza popanda choigwira, ndiye ngati ampulifaya ilibe sefa yodula mawu otsikitsitsawo, wufa sikhalitsa. Bokosi lotere limafunanso malo, kawirikawiri malita 50 kapena 60 pa sipika yomweyo, ndipo m'kagalimoto kakang'ono thumba la ufa limasowa pokhala.

Pali chinthu china chimene mnyamatayo sanachitchule. Galimoto payokha imakweza bezi. Chifukwa cha kuchepa kwa malo m'katimo, mawu otsika kuposa 70 kapena 80 Hz amakula okha, pamene bokosi lotseka limakhala litayamba kufooka pang'onopang'ono. Ziwirizi zimakwanirana, n'chifukwa chake kabokosi kooneka konyozeka pabwalo kamadabwitsa zitseko zikatsekedwa. Kwa munthu wofuna kumva nyimbo monga anaijambulira, ife tikuona kuti bambo aja ali ndi mfundo. Bokosi lotseka ukaphonya ndi malita awiri kapena atatu silikulanga kwenikweni. La bowo limamveka bwino zedi likawerengedwa mosamala, koma mapaipi ambiri amene tinawaona anadulidwa mongoyerekeza.

Pomaliza bambowa anamanga sipika, naikankha pang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Inabwerera mwapang'onopang'ono, kusonyeza kuti mpweya sukuthawa. Kunsi kwa bokosi anapakako vanishi, poti inali nyengo ya mvula ndipo MDF ikanyowa imafufuma.

Pamsewu wodutsa pamalopo panadutsa galimoto zingapo zoimba mokweza. Pa zambiri mwa izo, chomwe chinkamveka kwambiri kwa ife oima panja ndi nambala ya kumbuyo ikunjenjemera, yomangidwa ndi masikuluu awiri okha popanda kalabala kunsi kwake.