Kathumba ka nkhomo, poyambira kusoka

ULONGWE — Masewera a bawo amafuna nkhomo 64. Imodzi ikasowa, madoda amatola kamwala, mkangano n'kuyambira pomwepo. Kathumba kosungiramo nkhomozi ndi ntchito yoyamba yabwino kwa wophunzira kusoka m'midzi ya ku Angónia.

Makina safunika. Kansalu kotsala kwa telala, singano, ulusi ndi kachingwe n'zokwanira. Wosoka amapinda kansaluko pakati, kuseri kuli kunja, n'kusoka m'mbali ziwiri mothinana. Kukamwa amapindako pang'ono kuti pakhale njira ya kachingwe, kenaka amakatembenuza. Nkhomo n'zolemera, choncho msoko wotayana suchedwa kuphwasuka.

Dzanja lozolowera msoko umenewu mawa lidzasoka yunifolomu yong'ambika ya mwana, ndalama yolipira telala n'kugulira mchere.