Za Kagaru Kogwira Makoswe

Abale athu, pamene chimanga chalowa m'nkhokwe, ndi usipa wouma wasungidwa m'matumba, mdani amene tonse timdziwa kuno ku Makanjira ayamba ntchito yake ya usiku, ndiye khoswe. Ambiri athamangira kukagula mankhwala. Koma taonani, mankhwalawo sasankha: nkhuku itola, mwana wokwawa atolanso. Tsono ife tifuna kunena za mlonda wina.

Ku America kuli mtundu wa agaru aang'ono otchedwa rat terrier, ndiko kunena garu wa makoswe. Alimi a kumeneko anawaweta kwambiri m'zaka za 1920 ndi 1930, kuti azilonda dzinthu zawo. Garuyo ngwa ubweya waufupi, kulemera kwake makilogalamu 5 kufikira 11, ndipo akasamalidwa bwino akhala zaka 12 kapena kuposapo. Agwira khoswe pakhosi, namgwedeza, namtaya, nafunanso wina. Kuno mtunduwo ngwosowa, koma mwa agaru athu a kumudzi alimo ena aang'ono a mtima womwewo. Musawapeputse.

Timamva anthu akuti, "Mmaneni chakudya kuti asake." Ife tikana ndithu. Garu wanjala aleka makoswe, nayamba kuba usipa wa mnansi ndi mazira a nkhuku, ndipo mlandu ugwera mwini wake. Mpatseni mkute kapena phala la gaga, pamodzi ndi mitu ya usipa, ndi madzi m'mbale yakeyake, pakuti garu wopita yekha kukamwa kunyanja madzulo, ng'ona imdikira. Mchotseni nkhupakupa. Pakhomo pamene pali garu musatcherenso mankhwala, chifukwa akadya khoswe wofa nawo, iyenso adwala. Kumbukiraninso kuti anansi athu ambiri Achisilamu sakondwera garu akanyambita ziwiya zawo kapena kugona pa mphasa zawo. Mphunzitseni malire akali mwana.

Koma choposa zonsezi ndi chiwewe. Garu amene asewera ndi ana athu masana, usiku akomana ndi agaru oyendayenda, ndipo nthendayi iyenda m'malovu. Munthu ikamfikira mpaka kuopa madzi, palibenso mankhwala omchiza. Mu 1885 ku France, Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi garu wachiwewe pomubaya katemera nthenda isanaonekere, ndipo njira ndi yomweyo kufikira lero: kufulumira. Chifukwa chake garu wanu akakwana miyezi 3, mutengereni kwa alangizi a ziweto akabayidwe, ndi kubwereza chaka ndi chaka. Mwana akalumidwa, chingakhale chilonda chiri chaching'ono ngati chokanda minga, chitsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musachimange, musadikire kuti chitupe. Njinga inyamuke naye kupita ku chipatala tsiku lomwelo.