Liwiro la dziko limaonekera popatsirana kamtengo

Pa 11 Ogasiti 2012, mumzinda wa London, anyamata anayi a ku Jamaica, Nesta Carter, Michael Frater, Yohan Blake ndi Usain Bolt, anathamanga mamita 400 mopatsirana kamtengo m'masekondi 36.84. Mpaka lero palibe timu ina yomwe yafikapo pamenepo. Mukagawa nthawiyi panayi, mupeza masekondi 9.21 pa munthu aliyense. Komatu rekodi ya Bolt mwiniwake pa mamita 100, yomwe anaika ku Berlin mu 2009, ndi masekondi 9.58. Nanga zitheka bwanji kuti anthu anayi, atatu mwa iwo osafika pa liwiro la Bolt, achite kuposa Boltyo ali yekha?

Ife aphunzitsi a liwiro ntchito yathu yagona pa yankho la funso limeneli. Pampikisanowu wotchi siwerengera munthu, imawerengera kamtengo. Woyamba yekha ndiye amanyamuka ali chiimire, kudikira kulira kwa mfuti. Atatu enawo amalandira ali kale pa liwiro, ndiye nthawi yomwe munthu amataya podzuka ndi kukoka liwiro imapulumuka katatu. N'chifukwa chake Bolt ankatha gawo lomaliza osakwanitsa masekondi 9.

Kamtengoko ndi kapaipi kopepuka, kotalika masentimita 28 mpaka 30. Malamulo amati kasinthe manja mkati mwa malo otalika mamita 30, ndipo oweruza amayang'ana pomwe pali kamtengo, osati pomwe pali mapazi a wothamanga. Kakalandiridwa kunja kwa malowo, timu yonse yatuluka mumpikisano, ngakhale itafika yoyamba.

Mukadzaonera pa kanema, mudzayang'anitsitse zomwe wolandira amachita mpikisano usanayambe. Amawerenga mapazi chobwerera m'mbuyo, chala kugunda chidendene, kenako n'kumata katepi pansi. Akatero amawerama, maso ali pa katepiko. Mnzake akangofika pamenepo, iye amaliyatsa liwiro ndi mphamvu zonse osacheukanso. Wobwerayo akaona kuti wayandikira amakuwa liwu limodzi lomwe anagwirizana, wolandira n'kuponya dzanja kumbuyo, chikhatho chili chotambasula, osaligwedeza. Akanyamuka msanga, mnzake samupeza ndipo malo amatha. Akachedwa, amawombana. Kusiyana kwake ndi phazi limodzi kapena awiri, ndipo mapaziwo timawasintha poona mphepo, mvula komanso kutopa kwa wobwerayo. Ndikamaphunzitsa achinyamata, chovuta kwambiri si miyendo ayi, koma khosi. Mwana aliyense amafuna acheuke kuti aone ngati mnzake akubweradi, ndipo pamatenga miyezi kuti akhulupirire liwu lokha.

Ngakhale manja ali ndi dongosolo lake. Woyamba ndi wachitatu amathamanga pokhota, choncho amagwira kamtengo kumanja n'kutsamira mkati mwa mzere wawo. Wachiwiri ndi wachinayi amalandira ndi dzanja lamanzere ali chakunja. Potero kamtengo kamayenda pakati pa mzere ndipo palibe woponda mnzake. Kusankha woti athamange gawo liti kumatidyera tulo: wodziwa kunyamuka apite koyamba, wodziwa kukhota apite kachitatu ngati Blake, wosanjenjemera akamva mpweya wa mdani pakhosi apite komaliza.

A ku Japan anaonetsa dziko lonse kuti lusoli limagula mendulo. Ku Rio de Janeiro mu 2016 anatenga siliva kumbuyo kwa Jamaica ndi masekondi 37.60, pomwe nthawi imeneyo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa anayiwo amene anali atathamangapo mamita 100 pansi pa masekondi 10. Iwo ankapatsirana chokweza dzanja kuchokera pansi, atayeserera limodzi kwa zaka. Pomwe a ku America, omwe sasowa akatswiri, anachotsedwa pa fainolo ya ku Paris mu 2024 chifukwa chopatsirana kunja kwa malo.

Apa ndi pomwe ndimamvetsa chifukwa chake anthu a ku Jamaica amanyadira mpikisanowu mwapadera. Katswiri mmodzi akhoza kubadwa m'dziko lililonse, koma anayi nthawi imodzi sabwera mwamwayi. Chilumbachi chili ndi anthu osakwana 3 miliyoni, koma mpikisano wa sukulu za sekondale wotchedwa Champs unayamba mu 1910, ndipo chaka chilichonse umadzaza bwalo la National Stadium ku Kingston. Bolt, mwana wa m'mudzi wa Sherwood Content, anadutsa momwemo ali pasukulu ya William Knibb. Kale mu 1952, dzikolo lisanalandire ufulu, Arthur Wint, Les Laing, Herb McKenley ndi George Rhoden anapambana golide ku Helsinki pa mpikisano wopatsirana wa mamita 400 aliyense. Ndipo rekodi ya ku London inabwera patangopita masiku asanu Jamaica itakondwerera zaka 50 za ufulu wodzilamulira. Tsiku la rekodiyo Bolt anafuna kusunga kamtengoko, woweruza anamulanda, anthu m'bwalo anakuwiza, ndipo pambuyo pake anamubwezera.

Kamtengo komweko kanamupweteketsanso mtima. Mu Januwale 2017 komiti ya Olimpiki inalanda Jamaica golide wa ku Beijing wa 2008, atayezanso n'kupeza mankhwala oletsedwa m'thupi la Carter. Bolt sanalakwe kanthu, koma mendulo zake zagolide za Olimpiki zinatsika kuchoka pa 9 kufika pa 8, ndipo anabweza. Lamuloli ndi lowawa koma ndi lolungama, pakuti amene mumagawana ulemu mumagawananso mlandu. Mu Ogasiti chaka chomwecho, pampikisano wake wotsiriza ku London, mnofu wa kuseri kwa ntchafu unakoka ali pa gawo lomaliza ndipo anagwa. Anakana njinga ya odwala, nadutsa mzere womaliza akutsimphina, anzake atatu ali pambali pake. Kwa ine chithunzi chimenecho chimanena zambiri za munthuyu kuposa 9.58.

Chimene Bolt wasiya si liwiro lokha, chifukwa liwiro silisiyiridwa munthu. Wasiya chikhulupiriro choti mwana akhoza kuphunzira kwawo, kwa mphunzitsi wa kwawo, n'kugonjetsa dziko lonse. Glen Mills, amene anasula Bolt, ndi yemwenso wasula Oblique Seville, yemwe anapambana mamita 100 ku Tokyo mu 2025 ndi masekondi 9.77, Kishane Thompson n'kukhala wachiwiri. Komabe pampikisano womwewo anyamata a Jamaica anagwetsa kamtengo ndipo sanafike mu fainolo, monganso analephera kufikamo ku Paris. Dzina la Bolt silingagwirire munthu kamtengo. M'badwo uliwonse uyenera kuyeserera wokha.

Kwa aphunzitsi anzanga m'sukulu zathu, pempho langa ndi lakuti tisadikire kuti kubadwe katswiri. Mpikisanowu sufuna ndalama zambiri: chidutswa cha paipi, laimu wolembera mizere ndi bwalo la mpira n'zokwanira. Sankhani ana anayi, muwasunge pamodzi chaka chonse, aliyense adziwe mapazi a mnzake. Amene akuthamanga kwambiri lero aphunzire kudikira katepi ngati anzake onse, ndipo amene ali wachinayi pa liwiro adziwe kuti popanda iye timu palibe.