Makina a MRI adaulula chimene chimapha ana odwala malungo a mu ubongo

Kwa zaka zambiri madotolo a pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, chomwe ambiri amachitchula kuti Gulupu, ankaona ana odwala malungo a mu ubongo akusiya kupuma mwadzidzidzi ngakhale atalandira mankhwala oyenera, koma chifukwa chake sichinkadziwika. Yankho lidapezeka makina ojambulira m'thupi otchedwa MRI, oyamba m'dziko muno, atafika pa chipatalachi m'chaka cha 2008.

Malungo a mu ubongo amayamba ndi tizilombo ta Plasmodium falciparum ndipo amagwira kwambiri ana aang'ono. Mwana amakomoka osatsitsimuka, nthawi zambiri akuphupha. Ngakhale pa chipatala cha mankhwala okwanira, mwa ana 100 aliwonse odwala matendawa, 15 kapena kuposerapo amamwalira, ndipo ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira.

Kafukufuku wa matendawa pa Gulupu adayamba m'chaka cha 1986 motsogozedwa ndi Dr Terrie Taylor a ku Michigan State University m'dziko la America ndi Professor Malcolm Molyneux a ku Britain. Kuyambira 1996, akatswiriwa ankapima matupi a ana omwalira mwa chilolezo cha makolo. Lipoti lawo la 2004 lidaonetsa kuti mwa ana 31 omwe ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, 7 adamwalira ndi matenda ena. Njira yosiyanitsira idapezeka m'maso, chifukwa mwana yemwe alidi ndi matendawa amakhala ndi zizindikiro kumapeto kwa diso zomwe dotolo amaziona ndi kachipangizo kounikira. Dr Susan Lewallen adalongosola zizindikirozi ku Blantyre konko m'chaka cha 1993.

Mbali ina ya nkhaniyi idachokera kwa mainjiniya. M'chaka cha 2005, gulu la Professor Subra Suresh a ku Massachusetts Institute of Technology lidasindikiza zotsatira za kuyeza kulimba kwa maselo ofiira a magazi. Lidamata timikanda ting'onoting'ono mbali ziwiri za selo limodzi n'kulikoka ndi kuwala kwa laser. Selo labwino ndi lofewa, limapindika kuti lidutse m'timitsempha topapatiza kuposa ilo. Selo lokhala ndi kachilombo kokhwima lidapezeka louma mpaka kuwirikiza ka 10. Maselo otere amamatiriranso m'makoma a timitsempha ta mu ubongo ndipo magazi amayenda movutikira.

Zonsezi zidafotokoza mmene matendawa amayambira, koma osati chimene chimadula mpweya wa mwana. Kupima mtembo kuli ndi malire, pakuti chigaza chikatsegulidwa, kupanikizika komwe kudali mkati kumatha ndipo umboni wake umafufutika. Padafunika kuona ubongo mwana akadali moyo.

Apa m'pamene MRI idalowera. Makinawa sagwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo m'madzimo muli haidrojeni, yemwe tizigawo take timakhala ngati timaginito. Wodwala akagonekedwa m'maginito amphamvu, tizigawoti timalunjika mbali imodzi. Makina amatumiza mafunde a wailesi omwe amatisuntha, ndipo pobwerera m'malo mwake timatulutsa mafunde athu omwe kompyuta imasandutsa chithunzi. Poti mnofu wotupa umakhala ndi madzi ochuluka, kutupa kumaoneka bwino. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Britain adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2003 kaamba ka luso limeneli.

Mtundu wa makina omwe adasankhidwa ndi mfundo yomwe akuluakulu ogula zipangizo za boma ayenera kuilingalira. Mphamvu ya maginito imayezedwa m'matesla. Makina a m'zipatala zambiri za kunja ndi a matesla 1.5, ndipo maginito ake amafuna mpweya wa helium woziziritsidwa mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, womwe ndi wokwera mtengo komanso wochokera kutali. Makina omwe kampani ya General Electric idapereka ku Gulupu adali a matesla 0.35, okhala ndi maginito okhazikika osafuna helium. Zithunzi zake sizinkafanana kuwala ndi za makina akuluakulu, koma zidakwanira pa funso lomwe lidalipo. Zinkawerengedwa ndi katswiri wa m'dziko muno, Dr Sam Kampondeni, pamodzi ndi anzake a ku America omwe ankazilandira kudzera pa intaneti.

Zotsatira zidatuluka m'mwezi wa Marichi 2015 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, mu lipoti lotsogozedwa ndi Dr Karl Seydel. Ana 168 omwe maso awo adatsimikiza kuti ali ndi malungo a mu ubongo adajambulidwa. Mwa iwo 25 adamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo, kapena kuti 84 pa 100 aliwonse, adali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 opulumuka, otupa chotero adali 39, omwe ndi 27 pa 100.

Tanthauzo lake ndi lakuti ubongo ukatupa m'chigaza chomwe sichifutukuka, umakankhidwira kunsi, kubowo lomwe ubongo umalumikizirana ndi msana. Pamenepo m'pamene pali mbali yolamulira kupuma, ndipo ikapanikizika mwana amasiya kupuma. Chopatsa chiyembekezo chidaoneka mwa ana 39 aja, pakuti mwa omwe adajambulidwanso kachiwiri, kutupa kudali kutachepa pokha. Izi zikusonyeza kuti mwana akathandizidwa kudutsa masiku oyamba oopsawo, mwayi wochira ulipo.

Kudziwa chifukwa sikudabweretse mankhwala nthawi yomweyo. Mankhwala ochepetsa kutupa adayesedwapo kale osapindula. Kafukufuku wa ku Thailand wa 1982 adapeza kuti dexamethasone amatalikitsa nthawi yokomoka, ndipo wa ku Uganda wa 2007 sadapeze phindu pa mannitol. N'chifukwa chake m'chaka cha 2018 akatswiri a ku Blantyre adayamba kuyesa njira zina ziwiri pa ana otupa ubongo kwambiri, zomwe ndi kuwalumikiza ku makina opumira ndi kuwapatsa madzi a mchere wochuluka kudzera mu diripi. Njira ya makina opumira ndi yolemetsa pa thumba la boma, poti imafuna chipinda cha odwala mwakayakaya, magetsi osazima ndi anamwino osachoka pa bedi.

Padakali pano makina a MRI akunka nachepa. M'chaka cha 2020 boma la America lidavomereza makina a kampani ya Hyperfine a matesla 0.064, oyenda pa mateyala ndipo olumikizidwa pa soketi wamba. Makina oterewa adayesedwa pa Gulupu, ndipo lipoti la mmene adagwirira ntchito lidatuluka mu 2022. Amajambula mutu wokha, koma amapita pa bedi la wodwala, zomwe n'zofunika kwa mwana wokomoka yemwe kumunyamula n'koika moyo wake pachiswe.

Makina aliwonse, aakulu kapena aang'ono, amafuna wowakonza, wojambula ndi wowerenga zithunzi. Mu Unduna wa Zaumoyo, ntchito yosamalira zipangizo za m'zipatala ili m'manja mwa nthambi ya Physical Assets Management, ndipo masukulu a ukachenjede a MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo amaphunzitsa mainjiniya a zipangizo za m'chipatala. Ndalama zolembera akatswiri oterewa ntchito, zogulira zida zosinthira komanso zolipirira mgwirizano wokonzera makina zimayenera kulowa m'ndondomeko ya zachuma ya chaka chomwe makinawo akugulidwa kapena kulandiridwa ngati mphatso.