Mu kompyutamo muli dzanja la munthu

Anthu ambiri obwera kudzajambulitsa nyimbo ku situdiyo kwanga amayamba ayang'anayang'ana m'chipindamo, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga zoimbira zili kuti?" Amayembekezera kupeza ng'oma, magitala, malipenga ndi piyano, koma amangoona tebulo, kompyuta, masipika awiri ndi kakiyibodi kamene pakokha sikalira n'komwe. Nyimbo ikatuluka ili ndi mavayolini ndi malipenga, ena amadabwa, ena amanyoza kuti "za pa kompyuta izi." Ine amene ndimadyera ntchito imeneyi ndikufuna ndikuuzeni zimene zili m'katimo, chifukwa mukazidziwa muona kuti mawu ambiri amene mumamva anachokera m'manja mwa munthu weniweni, kungoti munthuyo nthawi zambiri si wakwathu.

Kakiyibodi kaja sikatumiza mawu ku kompyuta. Kamatumiza manambala basi. Ukadina kiyi, kamanena kuti wadina iti, wadina mwamphamvu bwanji, ndipo waisiya nthawi yanji. Njira imeneyi imatchedwa MIDI, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1983 pambuyo pa khama la Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi, amene anayambitsa kampani ya Roland ku Japan. Noti iliyonse ili ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 127, ndipo C ya pakati pa piyano ndi 60. Mphamvu ya chala nayonso imalekezera pa 127. N'chifukwa chake ndimatha kuimba kachigawo ka nyimbo ngati piyano, mwini nyimbo n'kunena kuti akufuna lipenga, ine n'kungosintha choimbira osaimbanso kachiwiri.

Chimene chimasandutsa manambalawo kukhala mawu ndi plug-in, kapulogalamu kakang'ono kamene kamagwira ntchito m'kati mwa pulogalamu yaikulu yojambulira ngati FL Studio, Cubase kapena Logic. Kampani ya Steinberg ya ku Hamburg ndi imene inatulutsa njira ya VST mu 1996, ndipo mu 1999 inaikonzanso kuti izilola zoimbira zathunthu kukhala m'kompyuta.

Zoimbira zoterezi zilipo za mitundu iwiri. Zina zimapanga mawu ndi masamu okhaokha, popanda chilichonse chojambulidwa. Log drum ya amapiano, ija imagunda pachifuwa mukakwera minibasi, si ng'oma ya mtengo ayi. Inatchuka kuchokera ku kapulogalamu ka mu FL Studio kotchedwa Fruity DX10, ndipo anyamata a ku South Africa anaipotokola mpaka inakhala chizindikiro cha nyimbo zawo.

Mtundu wachiwiri ndi umene ndimaukonda kwambiri, ndipo ndi umene anthu samaumvetsa. Pano choimbira chenicheni chimajambulidwa noti imodziimodzi, n'kusungidwa m'nkhokwe ya masampulo. Titenge piyano. Ili ndi makiyi 88. Woimba amakhala pansi, mamaikolofoni atatcheredwa ena pafupi ndi mawaya, ena chapatali kuti agwire kamvekedwe ka chipinda. Amadina kiyi yoyamba pang'onopang'ono kwambiri n'kudikira mpaka mawu atazirala okha, mwina kwa masekondi makumi angapo. Amadinanso mwamphamvu pang'ono, kenako mwamphamvu ndithu, mpaka kumenya kwenikweni, chifukwa piyano ukaimenya sikuti imangokweza mawu, imasinthanso liwu, imathwa. Akamaliza amapita pa kiyi yachiwiri. Mpando ukangolira kapena wina akatsokomola, amabwereza. Palinso kujambula phokoso la kiyi ikamabwerera m'malo mwake, ndi la chopondera chija. Ndiye ine ndikadina C ya pakati ndi mphamvu ya 40, kompyuta imathamangira m'nkhokwe muja n'kutulutsa kadinidwe kofewa ka munthu uja. Ndikadina ndi mphamvu ya 120, imatulutsa kamenyedwe kake.

Pa ng'oma pamafunikanso china. Munthu sangamenye ng'oma kawiri mofanana ndendende, ndiye kompyuta ikamabwereza sampulo imodzimodziyo, khutu limazindikira msanga kuti apa pali makina. Opanga nkhokwe zabwino amajambula kamenyedwe kamodzi kangapo, kuti kompyuta izisinthanitsa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mellotron, imene inayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1963, inali ndi tepi pansi pa kiyi iliyonse, yolira pafupifupi masekondi asanu ndi atatu. Fairlight CMI ya ku Australia inabwera mu 1979 n'kuchita zomwezo ndi kompyuta, pa mtengo umene oimba olemera okha ndiwo ankaukwanitsa. Lero pulogalamu ya Kontakt, ya kampani ya Native Instruments ya ku Berlin, imachita zoposa pamenepo pa laputopu wamba, ndipo kampani ya Spitfire Audio inajambula gulu lonse la BBC Symphony Orchestra ku Maida Vale mu London n'kulitulutsa ngati plug-in mu 2019. Kwaya ya ku Ndirande itha kukhala ndi mavayolini amenewo kumbuyo kwa nyimbo yake.

Palinso ma plug-in ongokonza mawu ojambulidwa kale: ena amachotsa kulemera kapena kuwonjezera kuthwa, ena amachititsa kuti liwu limveke ngati lili m'tchalitchi chachikulu. Wotchuka ndi Auto-Tune wa mu 1997, wokokera liwu pa noti yoyenera. Amathandiza woimba amene waphonya pang'ono, koma mtima wa nyimbo sangauike pamene panalibe.

Tsono nayi nkhani imene imandisowetsa mtendere. Sampulo imabwera ndi zonse za kumene inajambulidwa: dzanja la woimba, chipinda chake, ndi machunidwe a kwawo. Kiyibodi imagawa mawu m'masitepe 12 ofanana, monga amachitira ku Ulaya. Ulimba wa Asena ku Nsanje sutsata zimenezo, masitepe ake ndi asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo ukoma wake uli pomwepo. Ukautsanzira ndi marimba a m'kompyuta, nyimbo imamveka yaukhondo koma yachilendo. N'chimodzimodzinso ndi kayendedwe ka ng'oma. Pulogalamu ili ndi batani lokokera kugunda kulikonse pa mzere wake weniweni, ndipo achinyamata ambiri amalidina mosaganizira. Koma ng'oma za chisamba, manganje kapena vimbuza zimakoma chifukwa wina amatsogola pang'ono, wina amatsalira pang'ono, ndipo thupi limavina mpata umenewo. Ukawongola zonse, wachotsa gule.

Mukatsegula nkhokwe zolembedwa kuti ndi za zoimbira za ku Africa, kawirikawiri mumapeza djembe ya kumadzulo kwa Africa ndi kalimba. Bangwe, kaligo, mangolongondo, mbalule kapena babatoni wa mtundu umene Gasper Nali amaimba, n'zovuta kuzipeza. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, koma zimenezo ndi nyimbo zathunthu zomvera ndi kuphunzirapo, osati manoti oti uimbire pa kiyibodi.

Ntchito imeneyi tingaigwire tokha, ndipo siifuna ndalama zambiri. Pamafunika maikolofoni imodzi yabwino, chipinda chabata chotchinga ndi mabulangete, ndi woomba ng'oma wodziwa. Ng'omayo aiwambe kaye pamoto ndi kumata phula lake monga amachitira popita kubwalo. Aombe pakati pa chikopa, m'mphepete, ndi chikhatho chonse, ndi nsonga za zala, ndiponso atatsindika chikopa ndi dzanja linalo. Kaombedwe kalikonse kajambulidwe mofewa, mwapakatikati ndi mwamphamvu, kangapo konse. Kenako mumadula bwinobwino, kulemba mayina, n'kuika pa makiyi. Pulogalamu ngati Decent Sampler ndi yaulere, choncho palibe chifukwa chothamangira mapulogalamu akuba amene amabwera ndi mavairasi n'kuwononga ntchito za makasitomala.

Woombayo alipidwe, ndipo pakhale pangano lolembedwa lonena amene ali mwini masampulowo komanso ngati angagulitsidwe kunja. A bungwe la COSOMA atha kufunsidwa pa nkhani za umwini. Ng'oma zina, monga za Gule Wamkulu, zili ndi eni ake, ndiye muyambe mwaonana ndi amfumu ndi akuluakulu a mwambo musanatchere maikolofoni. Mukafika pa ulimba kapena bangwe, musakonze machunidwe ake kuti agwirizane ndi kiyibodi. Jambulani noti iliyonse mmene mwiniwake waichunira, ndipo gitala ndi bezi ndizo zisinthidwe kuti zitsatire iyeyo.